Mabelo Anayi M'ngodya

Amuna anga a Mphepo anaimba besi m'kwaya ya mpingo wathu ku Simlemba zaka makumi awiri. Kenako pakhosi panatuluka chotupa. Madokotala anachita mbali yawo, moyo unatsala koma mawu anapita, ndipo lero amangonong'ona. Chimene tili nacho ndi nyimbo zisanu ndi imodzi zomwe kwayayo inajambula, ndi sipika yaikulu imene mwana wathu Thandizo anatumiza kuchokera ku Joni.

Sipikayo m'chipinda chathu chochezera inali chilango. Pansi simenti, makoma opanda kanthu, pamwamba malata. Besi ikayamba nyumba yonse inkangolindima ngati chigayo, mbale n'kumanjenjemera m'kabati. Iwo ankatchera khutu kufuna mawu awo, osawapeza. Ankangosuntha mpando uku ndi uku, ine n'kumasesa mowazungulira.

Chaka chino akuba anavuta, ndiye titamanga fodya tinalowetsa mabelo anayi m'nyumba, limodzi pangodya iliyonse. Masana ake amuna anga anayatsa nyimbo mwa chizolowezi. Kulindima kuja kunalibe. Mawu awo ankamveka paokha pansi pa mawu a anzawo, liwu lililonse poyera. Ndinawapeza atagwira pakhosi, milomo ikutsatira nyimbo.

Lole ya kalabu yathu ya alimi inabwera kawiri kudzatenga mabelo, kawiri konse amuna anga anaibweza. Ine ndinakwiya, sindibisa. Fodya ameneyo ndinamuweramira kuyambira ku nazale, msana uno ndi mboni.

"Bambo a Thandizo, fodya si mpando woti azingokhala m'nyumba," ndinawauza. "Achita chuku ameneyu, ndipo msika ukutsekedwa."

"Sabata imodzi yokha," ananong'ona.

"Sabata yathayi munateronso."

Ulendo wachitatu ndinauza eni lole kuti akweze. Amuna anga anangokhala pakhonde osandiyang'ana.

Ndinayesa zonse. Ndinaunjika m'ngodya matumba a makoko a chimanga ndi mabulangete, ngakhale matiresi athu ndinawapindira momwemo, ife n'kugona pamphasa. Kulindima kunachepako pang'ono chabe. Besi imafuna chinthu chachikulu chothinana, osati zanga zopepukazo. Anamvetsera nyimbo imodzi, anazimitsa, n'kundithandiza kubweza matiresi kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo sipikayo ili ndi nsalu pamwamba.

Fodya ndinatopa naye. Ndinali nditauza kale amayi anzanga kuti dzinja likudzali ndidzala soya, manja angawa apumeko ku utomoni. Bambo a Thandizo akudziwa zimenezo, ndipo sanandipemphe kanthu. N'zimene zikundipweteka, chifukwa akanapempha ndikanakana bwinobwino.

Dzulo ndinatenga khasu kukalima mabedi a nazale ya fodya kudimba. Ndiweramanso miyezi isanu ndi inayi kuti iwo adzadzimve masabata atatu.