Dzina la Amuna Anga Lili pa Hatchi

Alamu anga a Spencer, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, anatenga dzina la mkulu wawo n'kulipereka kwa hatchi. Hatchi yeniyeni, ya miyendo inayi, yodya udzu. Sanandifunse ine, sanafunse mwana wanga Tisunge, sanafunse aliyense. Ndayambira pamenepa dala kuti wina asadzanene kuti Matilda amazungulira polankhula. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mwano ndimauzindikira ngakhale utabwera utavala tayi.

Amuna anga, bambo a Tisunge, anagwira ntchito zaka zambiri kwa a Pirie, mzungu wophunzitsa mahatchi a mpikisano, amene khola lawo lili kunja kwa Glasgow. Ankayendetsa lole yonyamula mahatchiwo kupita nawo ku Ayr, ku Hamilton, ku Musselburgh, kulikonse kumene kuli mpikisano. Ankabwerera kuno ku Easterhouse akununkha ndowe, moti jekete yawo inkagona panja. Atamwalira chaka chatha ndi matenda a mtima, a Pirie anabwera kumaliro ndipo analira mpaka mamina. Iwowo sindikuwanena kwambiri. Koma tili mu holo ya tchalitchi tikumwa tiyi, anafunsa kuti mutu wa banja tsopano ndani. A Spencer, amene alibe ngakhale mphaka woti aziwamvera, anakweza chala.

Zimene anakambirana ine ndinazimva patapita miyezi, kumapemphero a amayi. Mnzanga Mable anandikokera pambali.

"Pepani mayi, ndamva kuti a Fryson dzulo athera kumbuyo ku Ayr."

Ndinamuyang'ana kuti mwina wamwa mankhwala olakwika. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha chihatchi chofiirira, chachitali khosi, pansi pake atalemba Our Fryson. Eti Fryson wathu. Wawo? Anawalera ndi iwo?

Mundimvetse bwino. Ine pa ukwati wanga wonse dzina limenelo sindinalitulutsepo pakamwa. Ndinkati bambo a Tisunge. Tikakangana ndinkati abambo inu. Ndi mmene anandilangira, ndipo sindinaonepo vuto lake. Lero dzina lomwelo, limene ine mkazi wawo ndinkaliopa, zidakwa za mu shopu yobetcha pafupi ndi siteji ya basi zikulikuwa masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuikapo ndi zotukwana pamwamba chifukwa hatchiyo yawagwetsa.

Koma chondiwawa chenicheni chinali china. Tisunge, amene amakhala ku Dennistoun ndi mwamuna wake Ephraim, anali woyembekezera, ndipo kuchipatala anali atamuuza kuti ndi mwana wamwamuna. Akwawo kwa Ephraim, anthu aulemu, anati popeza maliro anagwa kwanu, dzina mutche ndinu. Ndiye dzinalo linali lodziwika kale, mwanayo atenge la agogo ake kuti lisafere m'manda. Nditapita kukamuuza Tisunge za hatchi ndinapeza akudziwa kale, ndipo waganiza kale zake.

"No way, mum," anatero ndi Chizungu chake cha ku Glasgow chomeza mawu chija. Kenako anapitiriza m'Chichewa chake chopindika kuti mwana wake sangapite kusukulu anzake azikamulirira ngati hatchi. "Hatchi yake yomaluzanso."

Tsiku lomwelo ndinakwera basi ya ku Gorbals. A Spencer ndinawapeza akudya tchipisi, miyendo ili patebulo.

"Alamu, khalani pansi, mtima m'malo," anatero. "Kuno ndi ulemu umenewo. Azungu satcha hatchi dzina la munthu wamba."

"Ngati ndi ulemu, bwanji simunapereke lanu?"

"Ine ndili moyo, alamu."

"Zimenezo zikhoza kukonzedwa."

Anaseka, koma anatsitsa miyendo. Ndinawauza kuti kwathu ukapatsa galu dzina la munthu ndiye kuti ukufuna ndewu, ndipo iwo akudziwa zimenezo chifukwa anakulira ku Dedza, osati ku London. Pofuna kundiziziritsa mtima ananena chinthu chimene akanachisunga.

"Komatu hatchiyo ndi yaulemu ngati achimwene omwe. Yofatsa. Chiifulireni sivutanso."

"Chiichitireni chiyani?"

"Ndi mmene amachitira kuno, alamu, kuti izithamanga osaganiza za akazi."

Mfule. Munthu amene anabereka mwana anthu akuona, dzina lake lili pa mfule. Ndinatenga tchipisi chawo n'kukhuthulira m'bini, ndipo sindipepesa.

Mawa lake ndinapita kukhola kwa a Pirie. Ndinanyamuka ndili ndi mawu okwana, koma zimene ndinapeza zinandichepetsa liwiro. Zipinda zambiri za mahatchi zinali pululu, zitseko zili yasa. A Pirie eniake anali atatha ngati chingwe, akukankha okha wilibala ya ndowe. Atandiona anavula chisoti, n'kundilowetsa m'kakhitchini kawo, ndipo ndisanayambe n'komwe anayamba ndi iwo kudandaula. Anati chaka chino chifuwa chinalowa m'khola n'kugwira mahatchi onse. Eni mahatchi ataona kuti sakupambana anayamba kuwasamutsira kwa aphunzitsi ena. Ina yaimvi imene ankaidalira inathera pachitatu ku Musselburgh n'kubwera ikutsimphina. Yaikazi ina inakana kulowa m'kachipata koyambira ku Ayr, inangoima n'kumayang'ana anthu ngati yabwera kudzaonerera. Yotsala yawoyawo inali imodzi, imene anaitcha dzina la amuna anga chifukwa, akuti, ili yaing'ono inkakana kukwera lole pokhapokha bambo a Tisunge aiimbire nyimbo ya tchalitchi.

"Zonsezo ndamva," ndinatero m'Chizungu changa cha ntchito yokolopa. "Koma dzina chotsani. Itcheni Spencer."

Anati sizingatheke. Hatchi ikangothamanga mpikisano kamodzi, dzina lake silisinthidwanso, ndi lamulo. Ndinati lamulo la ndani, ndikamuone. Anati ali kutali. Kenako anapumira m'mwamba, n'kunena kuti mwina sindivutika nthawi yaitali. Loweruka ikathamanga ku Hamilton, ndipo ikakalepheranso aipereka ku famu ina kumpoto kuti ana aziphunzirirapo kukwera. Kumeneko aziitcha zimene akufuna, ndipo dzina lija silidzatulukanso m'nyuzi kapena m'mashopu obetcha.

Iwo ananena zimenezi misozi ili m'maso. Ine mtima unali kuvina chimtali. Ananditengera kukaiona. Inatulutsa mutu, n'kundinunkhiza duku, n'kundiyetsemulira kumaso. Ndinati zikomo, thamanga bwino, uthere kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

Tisunge nditamuuza anavomera kuti hatchiyo ikasowa, dzina alitenga. Lachinayi kumapemphero ndinapempha amayi kuti tigwirane manja pa nkhaniyi.

"Koma mayi," anatero Mable, "kupempherera chinthu kuti chilephere, si ufiti umenewo?"

"Si ufiti, ndi kukonza zolakwika. Tsekani maso."

Loweruka kunacha ndi mvula, ija ya kuno yogwa chammbali. Ndinavala chitenje changa chabwino pamwamba pa thalauzi n'kukwera sitima ya ku Hamilton, chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso anga. Kumeneko ndinapeza a Spencer atasonkhanitsa Amalawi, ana asukulu a ku yunivesite, ndi a Goodson, mkulu wa mpingo wathu, amene atandiona anabisa kapepala kobetchera m'chipewa.

"Abambo a Goodson, mwabwera kudzalalikira mahatchi?"

"Tabwera kudzakumbukira mnzathu, mayi."

"Kumanda mukudziwako?"

A Pirie anadutsa akuyang'ana kumwamba, n'kundiuza kuti hatchi yawoyi sinathamangepo pamatope, sakudziwa kuti zikhala bwanji. Ine ndinati zikhala bwino. Ndinali ndi chikhulupiriro.

Mahatchi atanyamuka zonse zinayenda monga ndinapempherera. Chofiirira chija chinali kumbuyo kwenikweni, kanyamata kokwerapo katangowerama ngati kakufuna singano. Ndinatsegula botolo langa la tiyi. A Spencer anali atayamba kale kuyang'ana nsapato zawo. Koma bwalo la ku Hamilton lili ndi kachitunda kakumapeto, ndipo atafika pamenepo ena aja anayamba kumira m'matope, kupuma ngati ng'ombe zapangolo. Icho ndiye chinangotambasula khosi. Chinapitirira imodzi. Chinapitirira ina. Munthu wa pa chimkuzamawu anayamba kutchula dzina la amuna anga mobwerezabwereza ngati akuwaitana kukhoti, anthu onse n'kulandira.

Pamene ndinaimirira sindikudziwa. Ndinangopezeka ndili pampanda, tiyi atatayika, ndikukuwa.

"Fryson! Imani! Ndati imani, abambo inu!"

A Spencer akufalitsa kuti alamu anachemerera kuposa aliyense. Bodza. Ine ndinkaletsa. Koma ndani akanamva Chichewa pamenepo? Mayi wina wachizungu wonenepa anandikumbatira n'kumadumpha nane, akukuwa m'khutu mwanga kuti tiye, tiye. Ndipo dzina limene ndinalisunga zaka zonse zija osalitchula, ndinalitulutsa pamaso pa a Goodson, pamvula, kwa nyama.

Inapambana. Ndi kakhosi kokha, koma inapambana. Ali moyo bambo a Tisunge ndikati imani ankapitirira, ndiye sindikudziwa chimene ndinkayembekezera.

A Pirie anabwera akuthamanga, chisoti chitagwa, n'kundigwira mkono kundikokera pamene amajambulira. Ndinakana kugwira chingwe, koma anajambulabe. Chithunzicho chinatuluka m'nyuzi: a Pirie akuseka, a Spencer mano onse pamtunda, hatchi ikutuluka thovu, ine pakati nkhope ili ngati ndatafuna mandimu. Pansi analemba kuti mkazi wamasiye wagwidwa ndi chisoni chosakanikirana ndi chimwemwe. Chimwemwe chake chiti?

Kuchokera tsiku limenelo khola la a Pirie ladzuka. Eni mahatchi aja anathawa ayamba kubwerera mmodzimmodzi ngati sanachokepo. Yaimvi ija yachira, yapambana ku Musselburgh. Ngakhale yamakani ija akuti tsopano ikulowa m'kachipata. Chofiirira chija chinakapambananso ku Ayr kutagwa mvula, ndipo kuno mvula si ya kusowa. A Pirie ananditumizira maluwa, ndipo nditawaimbira kufunsa za famu ya kumpoto ija anaseka, amvekere hatchi ngati imeneyi ikhoza kuthamanga mpaka kukalamba, popeza mfule ilibe ntchito ina.

Mwana anabadwa mwezi watha. Ndinamunyamula kuchipatala, mphuno ya agogo ake yeniyeni, ndipo ndinayesa komaliza.

"Tisunge mwanawe, panopatu ikupambana. Palibe adzamuseke."

"Ndiye zaipiratu, mum. Aliyense aziti tinamutcha Fryson chifukwa tinawina."

Namwino amene ankasintha nsalu pabedi anamva dzinalo, n'kutembenuka nkhope ili ngwee kufunsa ngati tikunena hatchi ija, chifukwa mwamuna wake amaikonda. Tisunge anangondiyang'ana. Mwanayo ndi Daliso. Dzina labwino, mwana wabwino, amayamwa ngati walipidwa. Ndilibe naye mlandu.

Tsopano apongozi anga, mayi awo a malemu ndi a Spencer omwe, ali ku Dedza, maso anasiya kuona koma makutu ali bwinobwino. Amva kuti kwabadwa mwana wamwamuna. Atumiza mawu pa foni ya mdzukulu wawo, akufunsa kuti kodi mwana wawo wabwerera, dzina lija mwamupatsa? Akuti akufuna alimve ndi makutu awo asanatsikire kuli chete. A Spencer foni yawo yazima chizimire.

Ndiye inu amene mukuwerenga izi, makamaka inu munali ku Hamilton kudumpha m'matope, ndi inu mukuti Matilda akukokomeza, ndi ulemu wachizungu: mayi wokalamba uja ndimuuze chiyani? Ndimuuze kuti dzina lilipo, likudya udzu, ndipo limachita bwino kukagwa mvula? Musandiuze kuti tipemphere, ndinapemphera kale ndipo munaona zotsatira zake. Lamulungu ndikaima pakhomo la tchalitchi, ndipo palibe alowe asanandiyankhe.