Njinga ya ku Chisi

Nyuzipepala ya Mphepo ya Chilwa inali ya masamba anayi basi, yosindikizidwa pa makina a fotokope ku Zomba kamodzi pamwezi, koma kwa Mwambo anthu ankaidikira ngati mvula yobzalira. Tsamba loyamba linali la misonkhano ndi katemera, ndipo ndilo linkayamba kukulungira matemba. Aliyense ankathamangira tsamba lachitatu, pomwe akuluakulu awiri ankanyozana mwaulemu. Kumanzere kunali ndime ya a Thomson Chikopa, mlimi wa mpunga, yotchedwa Pakhonde. Kumanja kunali ya a Edwadi Namakhwa, kalipentala wokhoma mabwato, yotchedwa Padoko.

Gwero la mkangano wawo linali njinga. A Thomson analemba kuti nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, iwo anapalasa njinga kuchokera kudoko mpaka ku chilumba cha Chisi osaponda pansi ngakhale kamodzi. Mwezi wotsatira a Edwadi anayankha kuti anaona ndi maso awo: njingayo ndi imene inakwera a Thomson, itakhala paphewa, eni ake matope ali m'mawondo. Kuyambira pamenepo anakangana pa chilichonse. Kuwokera mpunga kapena kungowaza, mlamba wowamba kapena wauwisi. A Thomson ankati Alhomwe, mtundu wa a Edwadi, amamaliza nkhuni za mudzi wonse pophika nyemba za kalongonda, a Edwadi nkumati wosadya kalongonda ndiye amafooka mpaka kulephera kupalasa njinga. Zonse zinkabwerera ku njinga yomweyo. Padoko munthu mmodzi ankawerenga mokweza, asodzi nkumaseka mpaka kuiwala kusoka maukonde.

Lamulo lawo linali limodzi: zapapepala zimayankhidwa papepala. Kutchalitchi ankakhala benchi imodzi, kufunsana za ana ndi za mvula, koma za ndime ayi. Mawu akakubaya, unkapirira nawo mwezi wathunthu. Kwa a Edwadi mwezi umenewo ndiwo unkakoma, kupala thabwa uku akunola yankho m'mutu, nthawi zina nkumaseka okha ngati wozungulira mutu.

Kenaka kunabwera mafoni ndi wailesi zakudera, ndipo nkhani zinayamba kufika pepala lisanachoke n'komwe ku Zomba. Tsiku lina mayi Sophia, mphunzitsi amene ankasonkhanitsa nkhani za nyuzipepalayo, anaima ndi njinga yawo pomwe a Edwadi ankakhoma bwato.

"Bambo Namakhwa, ya mwezi uno ndi yomaliza. Mulembe yotsanzika. Ya a Chikopa tingoisiya, mukudziwa m'mene alili."

Ankadziwa. Chakudza sichiyimba ng'oma: a Thomson anagwa kumunda nthawi yokolola, ndipo dzanja lamanja ndi lilime zinafa. Tsono mawu omaliza anali a a Edwadi, chinthu chimene anachilakalaka zaka zonsezi. Koma chitabwera sichinawakomere, chinangowamvetsa chisoni.

Anakhala pathabwa nalemba ndime yofatsa imene sanalembepo chiyambire. Anatamanda mnzawo kuti ndi mlimi wakhama, mkulu wampingo wosakondera. Pamapeto anaika mphatso yaikulu imene anali nayo: anavomera kuti a Thomson anapalasadi njinga mpaka ku Chisi, osaponda pansi. Ndiye poti mtima unali utafewa, anathyola lamulo, nanyamula pepalalo kuti akawawerengere lisanasindikizidwe.

Anawapeza pakhonde, atakhala pampando wandalema, ataonda, dzanja lakufalo lili pamwendo. Akazi awo, mayi Agnesi, ankapeta mpunga chapafupi.

"Alamu, fikani," anatero mayi Agnesi. "Mwina inu muwasangalatsa. Aliyense wobwera pano amawalankhula ngati khanda. Mwadya, bambo? Mwagona bwino, bambo? Mpaka amangotsinzina."

A Edwadi anakoka kampando, nakhosomola, nayamba kuwerenga. Pa za khama ndi za mpingo a Thomson ankangoyang'ana kumunda. Koma atafika pa njinga, povomera paja, wodwalayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuza nkhope pang'onopang'ono nayang'ana kukhoma. Msozi unatsika patsaya lakumanzere, mbali yamoyo.

Mayi Agnesi anaika lichero pansi.

"Ngakhale inu, alamu? Mwabwera kudzakhuza maliro munthu akupuma?"

Manyazi anawagwira a Edwadi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mawu okoma otere kwa Mwambo amanenedwa kumanda, bokosi litatsika kale. Anthu onse anali atawaika kale a Thomson m'gulu la ongomveredwa chisoni, ndipo munthu mmodzi yekha amene ankawaonabe ngati mwamuna wolimbana naye, ndi ameneyu lero wabwera kudzagonja. A Edwadi anapinda pepala lija naliponya m'thumba la malaya. Kenaka anakweza mawu ngati akuwerengera asodzi padoko.

"A Chikopa, izi ndimangokuyesani. Ndime yeniyeni nayi. Anthu a kwa Mwambo, pepala lathu likutha, koma lisathe musanamve zoona. Njinga ija sinapalasidwe. Ndinaiona ine. Inafika ku Chisi ili yoyera, matayala osakhudza dothi, pomwe eni ake anali atadetsedwa ngati mlamba wa m'thope. Ana a ku Chisi anathawa, kuyesa chilombo cha nyanga zachitsulo. Ndipo nsapato imodzi ya a Chikopa ikadali pansi pa nyanja mpaka lero, matemba akuikiramo mazira."

Nkhope ija inabwerera. Maso anali atayaka. Dzanja lamanzere linamenya mpando, mlomo ukulimbana ndi lilime lolemera. A Edwadi sanawathandize, anangodikira monga ankadikirira mwezi wathunthu kale.

"Bo... bodza!"

Mayi Agnesi anagwira pakamwa. Chigwereni amuna awo, anali asanamve liwu lomveka bwino chotero. Anaseka, misozi ikutsika, nayamba kutola mpunga umene unatayika.

Mphepo ya Chilwa yomaliza inatuluka Loweruka. Kumanja kwa tsamba lachitatu kunali Padoko, yodzaza mpaka pansi ndi njinga, matope ndi nsapato. Kumanzere, pansi pa mutu wa Pakhonde, a Edwadi anaumiriza mayi Sophia kuti asiye malo onse oyera, pakati pake nkuikapo liwu limodzi lokha lija ndi dzina la a Thomson Chikopa. Padoko anthu anaseka, ena nkumapukuta m'maso, ndipo tsamba limenelo silinakulunge matemba.

Choncho mawu omaliza anawaphonya a Edwadi. Mlungu wonse anapala matabwa akunola yankho, podziwa kuti kulibenso pepala loti aliikepo. Lamulungu potuluka m'tchalitchi sanapite kwawo. Analunjika kukhonde kuja, ndipo asanafike n'komwe anamva dzanja likumenya mpando.