Apongozi Alangiza Thadzi

Chakumadzulo banja la a Mulepa ku Jenala linali pabwalo likusenda chinangwa. A Mulepa, osema ng'oma za gule wa tchopa, anayala pansi zikopa zitatu, chimodzi cha ng'ombe, ziwiri za mbuzi.

"A Fraser," anaitana mkamwini wawo, "tandisankhirani cha ng'oma yaing'ono. Mukakhoza, mawa wokunga ng'omayo ndinu."

Fraser anasendera pafupi ndi zikopazo. Chibwerereni pachikamwini ankangopatsira zikhomo, osaloledwa kukunga. Dzanja lake linalunjika pachikopa cha ng'ombe, chifukwa ubweya wake unkanyezimira.

Apongozi ake aakazi, amene mwambo sunkawalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anatembenukira thadzi lomwe linkajompha makoko.

"Iwe thadzi, tachoka apo! Chokhuthalacho n'cha ng'oma yaikulu, pa yaing'ono chingalire ngati munthu wachimfine. Chikopa sitisankha ndi maso, timachita kutsina!"

Fraser anabweza dzanja msanga. Anatsina cha mbuzi choyamba pakhosi, pamsana ndi pamimba, napeza kuti pamimbapo mpeni unapala mopitirira, moti chikanang'ambika pokunga. Chachiwiri chinali chopyapyala bwino, chopanda pofooka.

"Ichi, bambo."

A Mulepa anachitsinanso, nagwedeza mutu. "Mwakhoza. Koma thadzi ili tisaliphe pa Khirisimasi, laphunzira zambiri lero."

Onse anafa nacho chiseko, apongozi aja atabisa nkhope m'chitenje.

M'mawa mwake Fraser anakhala pansi pa mtengo wa mango akukoka chikopa chonyowa ndi kukhoma zikhomo. Thadzi lija litadutsa, analiwazira gaga wodzaza dzanja.