Dzanja Pamsana

Mkaziyo anthu ankamutcha Kaboni, mwamunayo Fotokope. Mayinawo sanali achipongwe, anali a ntchito, onsewo otanthauza chinthu chokopedwa kuchokera ku chenicheni. Kaboni anabadwa ndi nkhope ya mfumukazi ya dziko lawo, mpaka kadontho kakuda ka pansi pa diso, pomwe Fotokope anafanana ndi mfumu chilichonse kupatula kokhala. Loweruka likakwana ankavala, mkazi chipewa chachikulu ndi magolovesi, mwamuna jekete la mabatani onyezimira, n'kukaima kumene aitanidwa, kaya ndi potsegulira sitolo, pa phwando la kampani kapena pa ukwati wa anthu okonda kudzionetsa. Aliyense ankadziwa kuti si enieni, komabe anthu ankawerama pojambulitsa nawo.

Amene anawakumanitsa anali bwana wina wokonza zamapwando. Kaboni anamupeza akugulitsa nsapato, Fotokope akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Tsiku lawo loyamba pantchito, mwamunayo anaika dzanja pamsana pa Kaboni monga mfumu inkachitira ndi mkazi wake poyenda. Dziko lonse linkalidziwa dzanja limenelo, poti linali pa makalendala ndi pa makapu omwe. Kaboni analimva kutentha kupyola pa diresi, ndipo chaka chisanathe anakwatirana. Kaboni sankabisa, ankauza aliyense kuti banja lake linayambira pamsana.

Lolemba m'mawa inali nthawi ya sukulu. Ankayala nyuzipepala zonse patebulo lodyera, n'kumayang'anitsitsa zithunzi, kenaka n'kukaima pagalasi lalitali la m'kanjira kolowera kuchipinda. Fotokope anali munthu wosamala ntchito mpaka kutopetsa. Mfumu ikasintha kametedwe, iye dzuwa silinkalowa asanapite kometa. Nthawi ina mfumu itabinya mwendo, Fotokope anatsimphina mwezi wathunthu, ngakhale popita kubafa m'nyumba mwake momwe, ati thupi ukalipatsa tchuthi limaiwala. Kaboni ankaseka mpaka misozi, n'kumamufunsa ngati amuthowe mwendo wosapwetekawo.

Mavuto anayamba ndi chithunzi chimodzi. Mfumu ndi mfumukazi anali kutsegulira mlatho, ndipo manja onse awiri a mfumu anali kumbuyo kwake. Basi, zinali zokhazo. Koma atolankhani anali atakhala nthawi opanda chotafuna, ndiye anachigwira chithunzicho osachitaya. Nyuzipepala ina inalemba mzere wofiira pakati pa awiriwo n'kuyeza mpata wake. Pa kanema anaitana katswiri wowerenga nkhope, munthu amene mfumu sanaionepo ndi maso, ndipo iye ananena mosaphethira kuti chibwano cha mfumukazi chikuonetsa kusungulumwa. Panabadwanso munthu wina wapafupi ndi banja lachifumu amene sankafuna kutchulidwa dzina. Ameneyo ndiye analibe tulo, ankalankhula m'nyuzipepala zonse tsiku ndi tsiku, kuno akuti pali woimba wina wakopa mfumu, uko akuti ndi apongozi sanamufunepo mkaziyo chiyambire. Kunyumba yachifumu kunali zii, ndipo kukhala chete komweko anthu anakusandutsanso umboni.

Kwa bwana wa zamapwando imeneyi inali nyengo yokolola. Foni yake sinkapuma. Anthu tsopano sankafuna mfumu ndi mfumukazi omwetulira, ankafuna okwiyirana. Bwanayo anauza Kaboni ndi Fotokope kuti aziima mofulatirana, nkhope zili gwa, ndipo alendo ankalimbirana kuima pakati pawo, aliyense kufuna kuoneka ngati ndiye wapasula banjalo. Pa phwando lina bambo wina atakhuta mowa anafunsa mokuwa kuti agalu akunyumba yachifumu atsala ndi ndani, holo yonse n'kufa nacho chikhakhali. Kaboni anaima pomwepo nkhope ili kumbali monga anamuuzira.

Kenaka mfumukazi inaoneka ikuchezera ana odwala ilibe mphete pachala. Madzulo asanafike bwana uja anali ataimba kale, kuti nayenso Kaboni avule yake. Kaboni anakana. Anati chipewa ndi cha mfumukazi, magolovesi ndi a mfumukazi, koma mphete ndi yake, anamuveka ndi mwamuna wake pamaso pa abale. Anayang'ana Fotokope kuti amuikire kumbuyo, koma Fotokope anangoti ntchito ndi ntchito, maso ali panyuzipepala. Mpheteyo inavuta kutuluka mpaka anachita kupaka sopo. Inasiya kamzere kotuwa pachala, ndipo Kaboni anaiika m'kapu yothyoka chogwirira pamwamba pa firiji.

Sabata yomweyo Fotokope anatenga bulangete n'kuyamba kugona pasofa. Sananene chifukwa, ndipo Kaboni sanafunse. Chifukwacho anadzipezera yekha, poti nyuzipepala zinali zitalemba kuti mfumu yasamukira mbali ina ya nyumba yachifumu. Ndi za mwendo zija, anadziuza choncho, thupi ukalipatsa tchuthi limaiwala. Mwamunayo akamwa tiyi osamuyang'ana, Kaboni ankati akuyeserera. Akamudutsa m'kanjira kopapatiza kaja atapanikiza mikono kuti asamukhudze, ankati koma bamboyu ntchito amaidziwa. Pansi pa mtima ankachita mantha, ndipo n'chifukwa chake funsolo silinkatuluka.

Kuyambira pamenepo Kaboni anasanduka womvera wailesi wamkulu m'dziko lonselo. Ankadzuka nayo, kuphika nayo, kuchapa nayo. Za banja lake ankazifuna m'nyuzipepala. Akawerenga kuti mfumu yatumizira mkazi wake maluwa, tsikulo ankasesa akuimba. Akawerenga kuti maloya aonedwa akulowa pachipata chakumbuyo, chakudya chinkamukanika. Kwa anthu ena nkhaniyo inali yochotsera ulesi pokwerera basi, koma iye munthu wosatchulidwa dzina uja akatsegula pakamwa, mtima unkamulumpha.

Mkulu wake anali ndi saluni kuseri kwa msika, ndipo Kaboni ankapita kumeneko kukapesetsa tsitsi kuti likhale ngati la mfumukazi. Tsiku lina anapeza mlandu uli pakati. Amayi atavundikira mitu m'makina oumitsira tsitsi ankakuwirana, wina akuti mfumukazi inyamuke ikadali ndi ulemu, wina akuti mwamuna akachotsa dzanja ndiye kuti lapeza poikidwa pena. Mmodzi anamufunsa Kaboni moseka kuti atenga chiyani pogawana katundu. Kaboni anapsa mtima. Anawauza kuti alibe manyazi, akudyera pamisozi ya anzawo, ndipo anthu awiriwo sangasiyane, sangasiyane ngakhale pang'ono. M'salunimo munangotsala kulira kwa makina.

Mkulu wakeyo anamukokera kukachipinda kochapira matawulo n'kutseka chitseko.

"Iwe, mfumukazi ili ndi anthu oipukuta misozi. Nanga iwe uli ndi ndani? Alamu anga aja wawafunsa?"

"Ndi ntchito chabe, achemwali. Mwaiwala za mwendo zija?"

Mkuluyo anangotsegula chitseko n'kumulozera chithunzi chomata pafupi ndi galasi, cha tsiku limene awiriwo anabwera kudzakometsa mwambo wokulitsa saluniyo. Kaboni anaimirira pakati akumwetulira, Fotokope pambali pake, dzanja lili m'thumba la jekete. Mwambowo unachitika mlatho uja usanathe n'komwe kumangidwa. Kuwerenga zithunzi inali ntchito ya Kaboni, ndipo anaona zonse nthawi yomweyo, phewa lopendekera kunja, phazi loloza kukhomo. Komabe anati mwina bamboyo ankagwira makiyi a galimoto, n'kutuluka tsitsi lisanaume.

Nkhani inatembenuka Lachinayi lina masana, Kaboni ali m'basi. Wailesi inadula nyimbo pakati n'kulengeza kuti mfumu ndi mfumukazi atulukira limodzi pakhonde la nyumba yachifumu. Mphete inali pachala, ati inali kwa okonza kuti aikulitse pang'ono. Dzanja linali pamsana. Basi yonse inasokosera, ena kuomba m'manja, ena kudandaula kuti awanamiza, ndipo kondakitala analumbira kuti iye ankadziwa kale. Katswiri wowerenga nkhope uja anali atayamba kale kufotokoza kuti chibwano chija chinkaonetsa kupirira. Kaboni sanamve zambiri. Analira poyera ngati mwana, mayi amene anakhala naye pampando n'kumupatsa kansalu kopukutira.

Anatsika n'kugula nyuzipepala yapadera imene anyamata ankathamanga nayo mumsewu, inki isanaume bwino. Kunyumba anayamba wafika pa firiji. Mphete inalowa mosavuta, poti chala chinali chitaonda. Kenaka anapeza Fotokope pabalaza akusita jekete la mabatani lija, bulangete atalipinda bwinobwino pasofa.

Kaboni anayala nyuzipepalayo pathabwa lositira, nkhope yonse ili mwee. Mwamunayo anaimika ayironi n'kuchiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, monga ankachitira Lolemba lililonse. Kenaka anamuuza kuti apite pagalasi. Anaima naye pambali, n'kuika dzanja pamsana pake. Kaboni anatseka maso. Dzanjalo linatsika pang'ono, n'kukweranso, zala n'kutambasuka. Fotokope anayang'ana pagalasi, anayang'ana panyuzipepala.

"Apa," anatero, n'kulichotsa.

"Ndiye bulangete lija ndikabweze kuchipinda, bambo?"

Fotokope anabwerera pathabwa lositira. Anatembenuza mkono wa jekete, n'kuusalaza ndi chikhato ngakhale unali wosalala kale.

"Loweruka ndikugwira monga pachithunzipa, usade nkhawa. Koma za m'nyumba muno sindinkatsanzira munthu."

Zotsalazo anazinena motsitsa mawu, maso ali pajekete. Anati anatopa ndi banjalo kalekale, mfumu isanayambe n'komwe zakezo. Panalibe mkazi wina, anatero, ndipo Kaboni sanadziwe ngati zimenezo zinali zopepukirako kapena zoipirapo. Anati ankafuna kunena koma ankasowa poyambira, ndiye nyuzipepala zitayamba phokoso anapeza pobisala, poona kuti mkazi wake sakufunsa. Mng'ono wake anali atamukonzera chipinda, ndipo asamuka mwezi ukatha. Ntchito yokha apitiriza limodzi ngati Kaboni angalole, poti palibe mwa iwo amene angaitanidwe payekha.

Kaboni anafuna kukuwa, kumugenda ndi kapu yothyoka ija, kumufunsa kuti analakwa chiyani. Koma anangoima m'kanjiramo ndi nyuzipepala m'manja, akumva manyazi owawa kuposa mkwiyo, poganiza masiku onse amene anapempherera banja la anthu osamudziwa pomwe lake linkatha iye akuliona. Kunja wailesi ya oyandikana nawo inali kuimba nyimbo yachikondi imene womvera wina anapempha kuti ipite kwa mfumu ndi mfumukazi.

Loweruka anaitanidwa kukatsegulira sitolo ya mabedi. Bwana wa zamapwando anali atapachika nsalu yaikulu pakhomo yolembedwa kuti chikondi chapambana, ndipo anthu anadzaza msewu mpaka magalimoto kuima. Kaboni anatsika m'galimoto atavala chipewa ndi magolovesi, mphete ataivala pamwamba pa golovesi monga bwanayo analamulira kuti anthu aione. Fotokope anazungulira n'kuika dzanja pamsana pake, pamalo penipeni paja. Khamu linakuwa.

Ali pafupi ndi khomo, mayi wina wogulitsa zipatso anadzipanikiza pakati pa alonda n'kumugwira dzanja Kaboni ndi manja onse awiri. Ankadziwa kuti si mfumukazi yeniyeni, koma misozi yake inali yeniyeni.

"Ndinkakupemphererani, mwana wanga. Anthu ankalankhula zambiri, koma ine ndinkadziwa kuti simungasiyane."

Kaboni anathokoza ndi kumwetulira kwa mfumukazi, mutu utapendekera pang'ono kumanzere. Dzanja lija linali lotentha ngati tsiku loyamba, ndipo ngakhale ankadziwa zonse, msana wake unalitsamira. Wojambula anawapempha kuti aime chomwecho kamodzinso, kenaka kamodzinso, ndipo Kaboni anapezeka akulakalaka kuti kamerayo ivute. Sinavute. Wojambulayo atangoitsitsa, dzanja linachoka.