Mchira wa M'bokosi la Che Bashiru

Loko wa bokosi la malemu atakana kachitatu, Che Ahmadi anaitanitsa hamala. Shamsa anayang'ana mayi ake pamphasa, kudikira kuti anene komwe kuli kiyi, koma Abiti Fadili anangoweramitsa mutu ngati nkhaniyo si ya m'nyumba mwawo. Hamala inagunda kamodzi kokha, loko n'kugwa pansi.

Linali Loweruka, tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo ake a Shamsa, Che Bashiru. Panja azimayi ankaphika mpunga wa sadaka. Che Ahmadi, mng'ono wa malemu, anali atabwera kuchokera ku Mangochi ndi kachikwama kakang'ono koma maso aakulu, ndipo chifikireni pa Machinjiri ankangowerenga malata a nyumbayo. Zoti katundu wa malemu sathamangira, iwo analibe nazo ntchito.

M'bokosi lachitsulo lija munali majekete akale a ku Harare, kumene Che Bashiru anatchona zaka makumi atatu. Pansi penipeni panali kanthu kokulungidwa m'nsalu yoyera. Che Ahmadi atafunyulula, anakaponya pansi n'kudumphira kukhoma.

Unali mchira. Wakuda bii, wautali kuposa mkono wa munthu wamkulu, womangidwa ndi ulusi wofiira kutsinde, ukunyezimira ngati waupesa winawake m'mawa womwewo. Fungo la thukuta ndi udzu wouma linadzaza pabalaza. Ntchentche zonse zimene zinabwera ndi nyama ya sadaka zinatulukira pawindo nthawi imodzi, moti m'nyumba munangoti zii.

"Allah atisunge!" anatero Che Ahmadi. "Alamu, ichi n'chiyani?"

Abiti Fadili anakokera mpango wawo kumaso.

"Ndikufunsa inu. Mchira umakhala ndi asing'anga ndi afiti basi. Mkulu wanga anali munthu wa mzikiti, woitana anthu ku mapemphero kasanu pa tsiku. Ndiye mchirawu ndi wa ndani? Munthu wathanzi bwinobwino angangogwa pakhomo pake osadwala ndi mutu womwe?"

Mphekesera za ku Machinjiri sizidikira minibasi, zimafika zokha. Mphika wa mpunga usanaphulidwe, pakhonde panali podzaza, ndipo mayi Zeinabu oyandikana nawo anali atapeza kale poyambira.

"Ine sindinafune kunena," anatero, chonsecho akufuna. "Koma Loweruka lililonse masana, kuseri kwa nyumba ino kumamveka sssss, sssss, ngati njoka. Zaka ndi zaka. Ana anga ndinawaletsa kusewera kumpanda uko."

Shamsa anayang'ana chinthu chija pansi. Mchirawo ankaudziwa. Anagwada pafupi ndi mayi ake n'kunong'ona kuti, "Amayi, auzeni."

"Tseka pakamwa," anayankha mayiwo osamuyang'ana. "Ndinalumbira kwa bambo ako."

Eetu, vuto linali pamenepo. Abale onse, ndi mzikiti wonse, ankadziwa kuti Che Bashiru anali telala ku Harare. Telala wake uti, munthu woti batani lomwe ankasokeredwa ndi mkazi wake! Ntchito yawo inali yosamalira mahatchi a mpikisano, pamalo pamene anthu amabetcha ndalama, ndipo njuga kwa Msilamu ndi chinthu chonyansa. Anabisa zimenezi moyo wawo wonse, ndipo mkazi wawo anali wokonzeka kutchedwa mfiti kusiyana n'kumuvula mwamuna wake ali m'manda.

Nthawi itangokwana thuu koloko, pansi panayamba kunjenjemera. Gudu, gudu, gudu, chapatali, kenako pafupi, makapu a tiyi n'kumagundana patebulo. Wina pakhonde anati ndi lole ya njerwa. Anthu anasuzumira kumsewu, koma lole panalibe, panali fumbi lokha likutsika pang'onopang'ono. Agalu a m'dera lonse anayamba kulira.

"Mwamva?" Che Ahmadi anakuwa. "Mayi ameneyu atuluke m'nyumba ya mkulu wanga lero lomwe, asanatimalize tonse!"

A Shehe, amene anabwera kudzatsogolera mapemphero a sadaka, anayesa kukumbutsa kuti wamasiye satuluka m'nyumba mpaka miyezi inayi ndi masiku khumi, koma mawu awo anamira m'phokoso. Pageti panali patasonkhana anthu osawadziwa n'komwe. Shamsa anaona bambo wina akuwerama, n'kudzuka ndi chibanthu cha njerwa m'manja. Anali ataonapo ndi maso ake zimene khamu limachita ndi mayi wokalamba akangotchedwa mfiti, ndipo mantha anamugwira mpaka m'mano.

Anatola mchira uja ndi manja ake awiri, n'kutuluka nawo pakhonde. Anthu anabwerera m'mbuyo.

"Uwu ndi mchira wa hatchi," anatero. "Dzina lake anali Dona. Bambo anga sanali telala."

Kumbuyo kwake anamva mayi ake akubuula ngati wawaponda pachilonda, koma sanatembenuke.

"Ankasamalira mahatchi a mpikisano ku Harare, ndipo ndili mwana ankanditenga Loweruka kukaonera mpikisano woyamba thuu koloko. Anthu ankadzaza bwalo lonse, mabasi ndi mabasi, azimayi a zipewa, ogulitsa chimanga chootcha, phokoso loti sumva mnzako. Kenako zinthu zinavuta m'dziko muja. Kulowa pageti kokha kunafanana ndi mtengo wa thumba la ufa, usanawerengere basi ndi chakudya, ndiye ndani angasiye ana ndi njala kukaonera nyama zikuthamanga? Obetcha anayamba kubetchera m'mashopu m'tauni, akuonera pa TV. Tsiku lomaliza limene ndinapita, mahatchi anathamanga pamaso pa mabenchi opanda anthu. Kunali zii moti unkamva mpweya wa hatchi iliyonse, ndi bambo anga okha akukuwa kumpanda."

Bambo wa njerwa uja anali atatsitsa mkono.

"Bwana wawo anatseka khola. Mahatchi abwino anagulitsa kunja, koma Dona anali atakalamba, mwendo wovulala, panalibe womufuna. Anati aomberedwe. Bambo anga ndi amene anamulera chibadwire, ndiye anapempha kuti amugwire okha. Anavula chisoti chawo cha ku mzikiti, n'kumuphimba nacho diso kuti asaone mfuti. Atagwa, anadula mchira. Osamalira mahatchi amatero, kuti pakhale chotsala. Ndipo sssss amene mumamvayo, mayi Zeinabu, si njoka ayi. Munthu akamapesa hatchi amatero ndi mano kuti fumbi lisalowe m'kamwa, hatchinso imadekha nazo. Ankapesa mchirawu, basi. Nyumba inoyo inamangidwa ndi thukuta la kumeneko. Ngati pali tchimo ndi limenelo, koma amayi anga sanaphe munthu."

A Shehe anasisita ndevu. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wa malemu, n'kufunsa mofatsa kwambiri, kufatsa kwa munthu wodziwa pobaya.

"Che Ahmadi, mwamva kumene kunachokera njerwazi. Pamaso pa Asilamu anzanu onsewa, kodi mukuifunabe nyumba ya ndalama za pa njuga?"

Che Ahmadi anatsegula pakamwa, anayang'ana malata, anayang'ana anthu, n'kutsekanso. Koma dyera likakumana ndi manyazi, abale! "Ine? Ndi kuigonamo komwe sindingagonemo," anatero, ndipo analowa kukatenga kachikwama kawo.

Khamu linabalalika mokhumudwa, ngati anthu ofika pa mpira wolephereka. Koma mtengo wake Shamsa anauona nthawi yomweyo. Akuluakulu a mzikiti, amene dzana lomweli ankati malemu anali mzati wawo, anadzuka mmodzimmodzi n'kuvala nsapato, mbale za mpunga zili chidzazire pamphasa. Wina podutsa anati, "Zaka zonsezi tikudzutsidwa ndi munthu wa njuga." A Shehe okha ndi amene anadya, pang'ono chabe, n'kupita.

Shamsa anabwezera mchira m'bokosi, n'kukhala pansi kulira. Ankalira bambo ake kachiwiri, ndipo ulendo uno anali atawaika m'manda ndi pakamwa pake.

Dzuwa litapendeka anazindikira kuti mayi ake pamphasa palibe. Anawapeza kuseri kwa nyumba, pakampata ka pakati pa khoma ndi mpanda wa udzu wouma, ataima chilili.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Wachita zimene ine ndikanalephera," anatero Abiti Fadili. "Ima pomwepo. Usadutse kumbuyo kwake, sakukudziwa bwino."

"Kumbuyo kwa ndani?"

Mayiwo anamasula mfundo ya pachitenje chawo. Munali shuga, wokwana sipuni ziwiri. Anamuthira pachikhatho, n'kuwongola zala zonse kuti dzanja likhale lathyathyathya, kenako anatambasula mkono m'mwamba pang'ono, kuloza pamene panalibe kanthu koma mpanda.

"Bambo ako sanaphonyepo Loweruka ndi limodzi lomwe," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale shuga atasowa m'nyumba, iwo ankamwa tiyi wopanda shuga sabata yonse kuti Dona apeze wake. Ankati anthu onse analeka kupita kukamuona, ndiye iwo sangaleke. Lero wabwera, sanawapeze."

Mpweya wofunda unadutsa patsaya la Shamsa. Dzanja la mayi ake linatsika pang'ono, ngati lakanikizidwa ndi chinthu cholemera koma chofatsa.

Pamene analibweza, shuga panalibe, ndipo chikhatho chinali chonyowa. Anachipukutira pachitenje, n'kutambasulanso mkono, kuyamba kusisita m'malere kuchokera pamwamba kutsika pansi, pang'onopang'ono.

"Basi, basi, mama," ananong'ona. "Apita. Tatsala ife."