Udzu wa pa Mphambano

Manfri anali atathira kale palafini m'ngolo momwe munkakhala malemu amayi ake, Sinfai, kuti aiwotche potsata mwambo wawo, pamene mlongo wake Genti ankatsika basi atavala chipewa cha akazi a m'tauni. Palibe anamulonjera. Lavinia, mkazi wa Manfri, anangomupatsa mbale zadothi za malemuwo, nati kuziphwanya ndi ntchito ya mwana wamkazi.

Panali patatha zaka khumi ndi chimodzi Genti atasiya moyo wa abale ake woyendayenda ndi ngolo zokokedwa ndi mahatchi n'kukwatiwa ndi mwini golosale. Kwa apongozi ake ankadziwika ngati mwana wamasiye.

Anaphwanya mbale zitatu pamwala. Atafika pa kapu ya maluwa ofiira, anapempha Manfri kuti imeneyo yokha amusiyire. Manfri anakana, nati za wakufa zimapita ndi mwiniwake.

"Ndipo apongozi ako ukawauza kuti ndi ya yani? Ya mayi wogulitsa zopanira zovala uja?"

Genti anazyolika. Chilimwe chapitacho, Sinfai anagogoda pakhomo pake ali ndi dengu pamkono. Apongozi anali pabalaza, akumvetsera. Genti anagula zopanira, nathokoza monga athokozera mlendo, n'kutseka chitseko.

"Anakuuzani, achimwene?"

"Ndinali pangodya, nditagwira hatchi. Iwo atabwerako anati nyumba sanaipeze."

Ngolo inayaka ndi zonse zinali m'katimo, bulangeti, dengu, diresi la ukwati. Genti anaima kumbali yomwe utsi unkapita, ndipo sanasunthe.

Apolisi anali atalamula kuti pofika masana pamalo pomwe anamanga msasapo pakhale popanda munthu. Lavinia anamuuza mlamu wake kuti akwere ngolo yawo, akamusiye pokwerera basi. Atafika pamphambano, hatchi inaima yokha, Manfri asanakoke chingwe. Lavinia anatsika, nazula udzu wodzaza dzanja, naugoneka m'mbali mwa msewu nsonga zitaloza kumpoto.

Podziwa kuti udzu wotere umalozera njira otsalira, Genti anafunsa kuti ndani akubwera m'mbuyo, poti abale onse anali atatsogola kale.

"Palibe, mlamu. Chichokereni inu, amayi ankatiimitsa pamphambano iliyonse, kaya kukugwa mvula. Ankati munthu angafune kubwerera, n'kusowa kolowera."

Mphepo inayamba kumwaza udzuwo. Genti anatsika, nagwada m'matope ndi diresi lake la m'tauni, nausonkhanitsa, nautsendereza ndi mwala.