Mapewa Akumanzere a ku Kaluluma

"Kwezani mkono, mayi. Pang'onopang'ono, musauthamangitse."

Mayi Fainala anaukweza. Utangofika polingana ndi phewa anakukuta mano, mkonowo n'kugwa wokha ngati tsamba lofota. Ndinadina ndi chala pamwamba pa phewalo, pamene pamadutsa mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa. Anakuwa.

Apo n'kuti ndili ndi miyezi isanu chiyambire ntchito ya mafizo pachipatala. Mitsempha yotupa ndinali nditaiona yambiri, makamaka nyengo yothyola fodya, koma iyi inandizunguza mutu. Anali mayi wachitatu sabata imodzi yomweyo. Onse anali matenanti a pa esiteti imodzi ya ku Kaluluma, ndipo onse linali phewa lakumanzere.

"Mumadyera dzanja liti?" ndinawafunsa.

"Lamanja, adokotala. Kuthyola, kusoka fodya, zonse lamanja."

"Nanga lamanzereli limagwira ntchito yanji?"

"Palibe. Limangothandizira." Kenaka anatsitsa mawu. "Chonde musalembe kalata yoti ndipume. Akapitawo akamva kuti mkono wafa, chaka chamawa sadzatitenganso. Kwathu ku Phalombe munda tilibe."

Kalatayo sindinalembe. Ndinawaphunzitsa kuwerama atatsamira tebulo, mkono wodwalawo uli lende, n'kumauzunguza pang'onopang'ono. Iwo anapita, koma funso lija linatsala nane. Dzanja longothandizira lingavulale bwanji kuposa logwira ntchito? Loweruka m'mawa ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, ulendo wa ku Kaluluma.

Kapitawo wa pa esitetiyo, a Geoffrey Nthanda, anali bambo wamtali wosakonda kuseka. Anandilandira mwaulemu, koma maso ali pa nsapato zanga zoyera.

"Ndi ulesi basi, achemwali," anatero tikulowera ku zigafa. "Chigafa chinayamba chapweteka munthu? Chaka chino abwana anati tikweze denga, tiwonjezere mizere iwiri kuti fodya azikwana. Mitengo yapamwambayo ndinamanga ndekha. Ndafa?"

M'chigafamo munali fungo la fodya waiwisi loyabwa kukhosi. Ndinayang'ana m'mwamba. Mayi Vailet, mmodzi wa odwala anga atatu aja, anali atatangadza miyendo pa mitengo iwiri, thupi lonse litapendekera m'malere. Dzanja lamanja linkalandira mkangala, ndodo yopachikapo masamba osokedwa, n'kuuika pamzere wake. Lamanzere linali litagwira mtanda wa kudenga, pamwamba pa mutu, osasiya. Ndinayamba kuwerenga mikangala. Ndinafika makumi anayi dzanja lija lisanatsike.

"Ndikwereko," ndinatero, ndikuvula nsapato.

Azimayi amene ankasoka fodya pansi anafa nacho chiseko. Ndinakwera ndithu, n'kugwira mtanda uja monga ankachitira a Vailet. Mkangala woyamba unali wopepuka. Wachitatu unandikokera kutsogolo. Pofika wachisanu ndi chimodzi, m'phewa langa lakumanzere munali mutayaka moto. Dzanja longothandiziralo ndilo linkanyamula munthu yense.

Ndinatsika, n'kutembenukira kwa a Nthanda.

"Akapitawo, si ulesi ayi. Munthuyu akulendewera pa mtsempha umodzi tsiku lonse. Yalani matabwa awiri m'mwambamo, aziponda ndi mapazi onse, manja akhale omasuka. Kupanda apo, fodya wa kunsonga asanathyoledwe mudzasowa omupachika."

A Nthanda anayang'ana denga lawo lija. Pakati pa osoka fodya aja, mayi Fainala anali ataweramitsa mutu, singano itaima m'manja.

"Kuseri kwa shedi kuli matabwa a ngolo yakale," anatero a Nthanda. "Amuna awiri akawatenge. A Fainala, inu muzisoka pansi mpaka mkonowo ubwerere."

Pofika masana a Vailet anali ataima pa thabwa, akupachika ndi manja awiri, akunyoza anzawo kuti akuchedwa kuwapatsira.

A Nthanda anandiperekeza mpaka kumsewu, akukankha njinga yawo yakapalasa. Wakabaza ataliza injini, a Nthanda anandiyandikira.

"Zozunguza mkono zija ndimawaona a Fainala akuchita, ndi kangati patsiku?"

"Katatu. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Titayenda pang'ono ndinacheuka. Anali chiimire m'fumbi lathu, dzanja lamanja lili pa chiwongolero cha njinga, lamanzere likunditsanzika. Chigongono chinali chitamatirira kunthiti. Zala zokha ndizo zinkagwedezeka.